Elmer Sperry: mkulu amene adapeza njira yoonera matenda obisika m'njanji

Mlimi aliyense wa fodya ku Kasungu amadziwa kuti belo siligulidwa poyang'ana chiguduli. Likafika pamsika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo, ogula amalitsekula n'kusolola masamba a pakati, poti akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga chinthu chimene munthu sangachitsekule angachiyeze bwanji? Njanji ndi chimodzi mwa zinthu zoterozo. Pamwamba imaoneka yosalala ndi yonyezimira, koma m'kati mwake mutha kukhala mng'alu umene ukukula mwakachetechete, kudikira tsiku limene sitima yodzaza anthu kapena katundu idzapondepo.

Ku Kasungu kulibe njanji, komabe alimi akumeneko nkhaniyi ikuwakhudza. Gawo lina la feteleza amene amathira m'minda mwawo limalowa m'dziko muno pasitima kuchokera kudoko la Nacala ku Mozambique. Njanji ikaduka penapake m'njiramo, katundu amachedwa, ndipo mvula siidikira munthu.

Munthu amene adayambitsa ntchito yoyeza njanji m'kati popanda kuidula ndi Elmer Ambrose Sperry wa ku America. Luso limeneli adalipeza atakalamba kale, ndipo lidali ntchito yake yaikulu yomaliza asanatsikire kuli chete m'chaka cha 1930.

Mwana wamasiye wa kumudzi

Sperry adabadwa pa 12 October 1860 ku Cincinnatus, dera la alimi m'chigawo cha New York. Mayi ake adamwalira iye atangobadwa, choncho adakulira m'manja mwa agogo ake ndi azakhali ake a Helen. Bambo ake, a Stephen Sperry, adali munthu wamba wodya za thukuta lake.

Monga ana athu amene amapanga galimoto za mawaya, mnyamatayu ankakonda kupanga tizipangizo toyendera madzi ndi mphepo. Banja litasamukira m'tauni ya Cortland, iye adalowa sukulu kumeneko, koma akaweruka ankakazungulira m'mashopu a amisiri a zitsulo n'kumaonerera mmene makina akugwirira ntchito.

M'chaka cha 1876 adapita kuchionetsero chachikulu cha zaluso mumzinda wa Philadelphia, ndipo zimene adaona kumeneko zidamulowa m'magazi. Pambuyo pake adakamvera nawo maphunziro kwa kanthawi kochepa payunivesite ya Cornell, komwe mtima wake udagwidwa ndi dayinamo, makina opanga magetsi. Digiri sadatenge.

Anthu a ku Kasungu nkhani yotere si yachilendo kwa iwo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo ali mnyamata, naye adayamba ndi kudabwa ndi dayinamo ya njinga.

Sperry adapanga dayinamo yakeyake komanso nyale yowala kwambiri, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 adapita ku Chicago kukatsegula kampani. Kumeneko adakwatira Zula Goodman m'chaka cha 1887, ndipo banjali lidadalitsidwa ndi ana anayi: Helen, Edward, Lawrence ndi Elmer wamng'ono.

Bizinesi ya nyale itadzaza makampani akuluakulu, iye sadakakamire. Adayamba kupanga makina okumbira malasha, kenaka sitima za magetsi zoyenda m'misewu ya m'tauni, kenakanso galimoto zoyendera mabatire. Chizolowezi chake chidali chimodzi: ankafufuza pamene amisiri anzake akhala akulephera, n'kuikapo nzeru zake zonse mpaka vutolo litatheka.

Nguli imene idamutchukitsa

Dzina la Sperry lidamveka dziko lonse kaamba ka kachipangizo kotchedwa gyroscope, kamene kamagwira ntchito ngati nguli imene ana amaseweretsa pabwalo. Nguli ikamazungulira mwamphamvu siigwa, ndipo imakana kupendekeka.

Nthawi imeneyo sitima zapamadzi zidali zitayamba kupangidwa ndi zitsulo m'malo mwa matabwa. Izi zidabweretsa vuto lalikulu, chifukwa kampasi yakale imadalira maginito, ndipo chitsulo chochuluka chikaizungulira imayamba kunama. Sitima imatha kusochera panyanja woyendetsa akukhulupirira kuti ali panjira.

M'chaka cha 1910 Sperry adakhazikitsa kampani ya Sperry Gyroscope ku Brooklyn, ndipo mu 1911 kampasi yake yosadalira maginito idayesedwa pasitima yankhondo ya USS Delaware n'kupambana. Asilikali apamadzi a dziko la America adayamba kuiika m'sitima zawo.

Pano mpofunika kunena chilungamo. Mjeremani wina, Hermann Anschütz-Kaempfe, adali atatsogola kale kupanga kampasi ya mtundu womwewo. Awiriwa adakokerana kukhoti ku Germany, komwe katswiri wotchuka Albert Einstein adaitanidwa kudzapereka maganizo ake, ndipo mlanduwo Sperry adaluza.

Mwana wake Lawrence adatengera lusoli m'ndege. Mu June 1914 adadabwitsa khamu la anthu ku Paris pomwe adauluka atakweza manja m'mwamba, makaniko wake ataimirira paphiko, ndege ikudziwongola yokha. Koma mu December 1923 Lawrence adagwa ndi ndege yake panyanja ya pakati pa England ndi France, ndipo adafera pomwepo ali ndi zaka 30. Bambo ake adali ndi zaka 63.

M'zaka zachisonizi ndi mmene mkuluyu adatembenukira kunjanji.

Mdani wosaoneka

Pa 25 August 1911, sitima ya kampani ya Lehigh Valley inkadutsa pafupi ndi mlatho wina ku Manchester, m'chigawo cha New York, pomwe njanji idathyoka pansi pake. Mabogi ena adagwera kumtsinje. Anthu 29 adamwalira ndipo oposa 60 adavulala. Ambiri mwa okwera adali asilikali akale ndi mabanja awo amene ankachokera kumsonkhano ku Rochester.

Katswiri wa boma, James E. Howard, ataunika zidutswa za njanjiyo adapeza chinthu chodabwitsa. Pamalo pamene idathyokera padali chibanga chosalala, chozungulira ngati dzira, chimene chidayambira pakatikati pa mutu wa njanji n'kumakula chopingasa. Kunja kwake kudalibe chizindikiro chilichonse. Matendawa adapatsidwa dzina lakuti transverse fissure, kutanthauza mng'alu wopingasa.

Mng'alu wotere umayamba ngati kadontho. Gudumu lililonse likaponda, chitsulo chimapindika pang'ono n'kubwerera, monga mmene waya amachitira munthu akamaupinda uku ndi uku. Pakadutsa magudumu mamiliyoni, kadontho kaja kamakhala katadya gawo lalikulu la mutu wa njanji, mpaka tsiku lina chitsulo chotsalacho chimalephera kusenza katundu n'kuduka kamodzin'kamodzi.

Makampani adali ndi anthu oyenda pansi m'njanji tsiku ndi tsiku, kuyang'ana mabawuti omasuka ndi mathabwa owola. Koma diso la munthu silingaone m'kati mwa chitsulo. Akatswiri a boma adayesa zipangizo za maginito kwa zaka zingapo, koma zinkangogwira bwino m'nyumba zoyezera. Zikafika panjanji yeniyeni zinkalira paliponse, pabwino ndi poipa pomwe.

Uku sitima zinkalemerabe ndi kuthamangirathamangira. Mu October 1925, njanji ina idathyoka mwanjira yomweyo ku Victoria m'chigawo cha Mississippi, ndipo anthu 21 adafa, oposa 100 adavulala.

Kulephera koyamba

Sperry adayamba kuganizira vutoli m'chaka cha 1923, ndipo mu 1927 adagwirizana ndi bungwe la makampani a njanji la American Railway Association kuti awapangire ngolo yoyezera.

Ganizo lake loyamba lidali losavuta kumva. Magetsi amayenda m'chitsulo ngati madzi m'ngalande. Akapeza mng'alu, njira imachepa ndipo amavutika kudutsa. Choncho iye adaganiza zolowetsa magetsi ambiri m'njanji, n'kumayeza ndi tizitsulo tokhudza pamwamba pake kuti aone pamene magetsiwo akuvutikira.

M'nyumba yoyezera zidatheka bwino lomwe. Koma panjanji yeniyeni pali dzimbiri, fumbi, mafuta ndi mchenga. Tizitsulo tija tinkalephera kukhudza bwino, ndipo makina ankanena zabodza. Adayesa kupukuta njanji ndi mabulashi patsogolo pa ngolo, koma sizidathandize kwenikweni.

Apa mpomwe padaonekera kuti mutu umodzi susenza denga. Pamodzi ndi injiniya wake, Harcourt C. Drake, adasintha njira m'chaka cha 1928. M'malo moyeza magetsi pokhudza njanji, adaganiza zoyeza mphamvu ya maginito imene imazungulira chitsulo chilichonse chimene mukudutsa magetsi.

Njanji ikakhala yabwino, mphamvu ya maginitoyo imakhala yofanana paliponse. Koma pamene pali mng'alu, magetsi amakhota kuti aulambalale, ndipo mphamvu ya maginito kunja kwa njanji nayo imasokonekera. Timakoyilo ta waya toyenda pamwamba pang'ono pa njanji, osaikhudza, timamva kusokonekerako. Dzimbiri ndi fumbi sizidalinso vuto lalikulu kwa toyezerato.

Chochititsa chidwi n'chakuti panyanja, kusokonekera kwa maginito kaamba ka chitsulo ndiye adali mdani amene Sperry adalimbana naye zaka zambiri. Panjanji, kusokonekera komweko ndiko kudasanduka mthenga womuuza pamene pali ngozi.

Ngolo yolavula penti

Ngolo ya Sperry inkanyamula jenereta yotulutsa magetsi ochuluka zedi, amene ankalowa m'njanji kudzera m'mabulashi achitsulo. M'kati mwa ngolo mudali pepala lalitali loyenda lokha, ndi zolembera zimene zinkajambula mzere wowongoka. Toyezera tikamva kanthu, cholembera chinkadumpha, ndipo nthawi yomweyo kampopi kankalavulira penti panjanjipo.

Zikatero ngolo inkaima. Wantchito ankatsika n'kukayeza pamalopo ndi chipangizo cha pamanja kuti atsimikize, chifukwa nthawi zina cholembera chinkadumpha kaamba ka chipsera chabe cha pamwamba. Akatsimikiza kuti ndi mng'alu, gulu lokonza linkachotsa njanjiyo n'kuikapo ina.

Mu November 1928, ngolo nambala 102 idayamba ntchito yolipidwa panjanji ya kampani ya Wabash, pakati pa Montpelier ku Ohio ndi Clarke Junction ku Indiana. M'masiku 14 idayeza mamailosi 155, omwe ndi makilomita pafupifupi 250, mtunda wofanana ndi kuchoka paboma la Kasungu kukafika ku Lilongwe n'kubwerera. Tsiku lililonse inkapeza malo owonongeka pafupifupi 14, panjanji imene sitima za anthu zinkadutsapo masiku onse.

Sperry sadafune kumangogulitsa ngolozo. Adakonza zoti kampani yake, Sperry Rail Service, izibwera ndi ngolo ndi antchito akeake odziwa kuwerenga pepala lija, makampani a njanji n'kumalipira ntchitoyo. Adaona kuti makina paokha sakwanira popanda munthu wozolowera kusiyanitsa chizindikiro chenicheni ndi chabodza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 adagulitsa kampani ya gyroscope imene idamulemeretsa, koma ntchito ya njanji adaisunga.

Sadakhalitse kuti aone zipatso zake. M'chaka cha 1929 adatsogolera mainjiniya a ku America kumsonkhano waukulu ku Tokyo m'dziko la Japan. Chaka chotsatira mkazi wake adamwalira, ndipo iye adatsatira pa 16 June 1930 ku Brooklyn, atachitidwa opaleshoni ya timiyala ta m'ndulu. Adali ndi zaka 69, ndipo adasiya ziphaso za umwini wa luso zoposa 350.

Gwero lenileni la ming'alu ija lidadziwika iye atapita. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, I. C. Mackie wa ku Canada adaonetsa kuti njanji ikazizira msanga pochoka m'ng'anjo, m'kati mwake mumachitika timing'alu ting'onoting'ono. Mafakitale atayamba kuziziritsa njanji pang'onopang'ono, matendawa adachepa kwambiri m'njanji zatsopano.

Maginito akatayikira kunja

Njira ya Sperry ili ndi mbale wake amene akatswiri a masiku ano amamutchula kuti magnetic flux leakage, kutanthauza kutayikira kunja kwa mphamvu ya maginito. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo molowetsa magetsi m'njanji, ngolo imanyamula maginito amphamvu amene amadzaza chitsulocho ndi mphamvu yawo.

Chitsulo chimakonda kusunga mphamvuyi m'kati mwake, monga payipi imasungira madzi. Koma chikadzazidwa mpaka pakamwa, mphamvuyo ikafika pamng'alu imasowa podutsa, ndipo ina imatulukira kunja n'kukalowanso kutsogolo. Toyezera timene tili pakati pa mapazi awiri a maginito timagwira kutayikirako. Mwana wasukulu amene adathyolapo maginito n'kuona tizitsulo tikuunjikana pothyokapo waona kale chinsinsi chake.

Ubwino wa njirayi ngwakuti siifuna kukhudza njanji, siifuna madzi, ndipo siiopa fumbi kapena kuzizira. Ku Russia, komwe kuli njanji zitalizitali ndi chisanu choopsa, ngolo za maginito zakhala zikugwira ntchito kwa zaka zambiri.

Kuipa kwake nkwakuti imaona bwino ming'alu ya pamwamba ndi ya pafupi ndi pamwamba pa mutu wa njanji, koma ya pansi kwambiri imaiphonya. N'chifukwa chake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makampani, kuphatikizapo ya Sperry, adaonjezera njira ina yotumiza m'chitsulo mafunde a mawu osamveka ndi khutu, ofanana ndi amene achipatala amaunikira amayi oyembekezera. Mafundewo akagunda mng'alu amabwerera.

Njira ziwirizi zimathandizana. Timing'alu tambirimbiri ta pamwamba titha kutchinga mafunde a mawu kuti asaone mng'alu waukulu umene uli pansi pake, pomwe maginito amagwira msanga ta pamwambato. Kuopsa kwa timing'aluti kudaoneka pa 17 October 2000 ku Hatfield m'dziko la England, pomwe njanji idaphwanyika m'zidutswa zoposa 300 sitima yothamanga ikudutsa, ndipo anthu anayi adamwalira.

Vuto la liwiro

Ngolo zoyamba za Sperry zinkayenda pang'onopang'ono, n'kumaima kawirikawiri. Masiku ano njanji za m'maiko ambiri n'zotanganidwa, ndipo eni ake safuna kuimitsa sitima za malonda kuti ngolo yoyeza idutse. Chimene amafuna ndi ngolo yothamanga mofanana ndi sitima zinazo. Ku Ulaya zina zimayeza zikuthamanga makilomita 70 pa ola kapena kuposera apo.

Koma liwiro lili ndi mtengo wake. Maginito akamathamanga pamwamba pa chitsulo, amadzutsa timagetsi tozungulirazungulira m'chitsulomo, ndipo timagetsi timeneti timakankha mphamvu ya maginito kuti isalowe pansi. Ngolo ikathamanga kwambiri, mphamvuyo imangoyenda pakhungu la njanji, ndipo mng'alu wozama umamveka mofooka.

Vuto lachiwiri ndi kunjenjemera. Toyezera timayenera kukhala pamtunda wofanana kuchokera panjanji, koma ngolo yothamanga imadumphadumpha. Kukwera pang'ono chabe kumafooketsa chizindikiro, ndipo kutsika mwadzidzidzi kutha kuoneka ngati mng'alu pomwe palibe.

Pofuna kuthana ndi izi, mainjiniya amatalikitsa mapazi a maginito kuti chitsulo chipeze nthawi yokwanira kudzaza. A ku Russia amagwiritsa ntchito magudumu a ngolo yomweyo ngati mapazi a maginito. Amaikanso toyezera tambiri pamzere umodzi, ndipo kompyuta yalowa m'malo mwa pepala ndi cholembera, kusefa phokoso ndi kulemba malo enieni a vuto. Komabe mawu omaliza amakhala ndi munthu amene amapita pamalopo ndi chipangizo cha pamanja, monga zinkachitikira mu 1928.

Nanga kuno kwathu?

Sitima idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, Sperry asanayambe n'komwe kuganiza zoyeza njanji. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi udatsegulidwa ndipo njanji idafika ku Salima. Ya ku Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi idatsegulidwa mu 1970, ya ku Lilongwe mu 1979, ndipo ya ku Mchinji mu 1980.

Mavuto a njanji amene Amalawi amawadziwa kwambiri ndi ooneka ndi maso, monga madzi osefukira amene adadula njanji ku Chiromo mu 1997 ndi kukokolola mlatho wa Rivirivi ku Balaka mu 2003, komanso anthu oba zitsulo. Koma chiyambire kudutsa sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala m'zaka za m'ma 2010, njanji ya m'chigawo cha kummwera ikusenza katundu wolemera kuposa kale lonse. Katundu wolemera ndi magudumu ochuluka ndizo chakudya cha mng'alu wobisika.

Dzina la Sperry likukumbukiridwa kudzera m'mphotho ya Elmer A. Sperry Award, imene yakhala ikuperekedwa kuyambira mu 1955 kwa akatswiri otukula za mtengatenga. Kampani yake yoyeza njanji nayo ikadalipo, ndipo ikugwira ntchito m'maiko ambiri.

Anthu amene miyoyo yawo idapulumuka chifukwa cha mkuluyu palibe angawawerenge, ndipo eni akewo sadadziwe. Adangokwera sitima n'kukafika kwawo bwinobwino, atadutsa pamalo pamene sabata yapitayo padali njanji yopakidwa penti imene antchito adali atachotsa kale.